INKI YA M'MAKINA OSINDIKIZIRA SIFUNA MADZI

Aziphunzitsi ndi alembi a makopaletivu a kwa Mfumu Nyampande, amene amasindikiza makalata ao ku Petauke kapena ku Nyimba, ayenera kudziwa zocitika m'kati mwa makina a inki yamadzi.

Inki imatulukira pa timabowo toonda koposa tsitsi, madontho zikwizikwi pa sekondi imodzi. Makina a HP, amene anayamba kugulitsidwa mu 1984, amatenthetsa inki kufikira kathovu katakankha dontho. A Epson amangoifinya.

Cimene cimadula dontho ndi kukhala lobulungira ndi kakhungu kaja ka pamwamba pa madzi, kamene tizirombo timayendapo kudambo. Koma inki ikalimba ngati phala, dontho silituluka. Ikasungunuka kwambiri, dontho limakoka kamcira kamene kamaduka ndi kugwera pambali, ndipo nambala ya citupa ca mlimi siwerengeka. Conco wothira madzi m'botolo kuti inki icuruke angoononga mapepala.

Kutentha kwa October nakonso kumaumitsa inki pa timabowo tija. Makina asagone milungu yambiri. Sindikizani ngakhale tsamba limodzi pa sabata.