Madambo ndiwo chitetezo cha Harare ku madzi osefukira

HARARE - Mvula yamphamvu ikagwa mu mzinda wa Harare, madzi a m'misewu ndi pamadenga amathamangira mu mtsinje wa Mukuvisi. Mtsinjewu umadutsa m'mphepete mwa dera la Mbare, komwe kuli msika waukulu wa Mbare Musika, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chivero, yomwe imamwetsa mzindawu.

Kale madambo a m'mbali mwa mitsinje ankasunga madziwa n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Dambo likakwiriridwa kuti pamangidwe nyumba, madzi amasowa kofalikira, choncho amalowa m'makomo ndi m'misika atasakanikirana ndi zonyansa za m'mapaipi. Mu Disembala 2023 mtsinje wa Marimba unasefukira n'kuononga nyumba ku Budiriro.

Dziko la Netherlands linaona kuti kungokweza zipupa zotchinga mitsinje sikokwanira. Kuyambira 2007 linasunthira zipupa zina kumtunda ndi kukumba ngalande zatsopano, monga pa mtsinje wa Waal ku Nijmegen, kuti madzi azifalikira m'malo otsika opanda nyumba.

Ku Harare malo oterewa alipo kale. Dambo la Monavale ndi damu la Cleveland, komwe Mukuvisi amayambira, zinalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar mu 2013, ndipo lamulo loteteza chilengedwe la 2002 limaletsa kumanga m'madambo popanda chilolezo. Vuto ndi kusowa kwa malo okhala: mabanja akaletsedwa kumanga m'dambo osapatsidwa malo ena kumtunda, amabwerera komweko.