Mankhwala a tizilombo ta m'dimba amene amamera pakhomo

Kukayamba kutentha mu Ogasiti ndi Sepitembala, repu ndi mpiru m'madimba ambiri amayamba kupindika masamba. Mukatembenuza tsamba mumapeza nsabwe zotuwa zitaunjikana kunsi kwake, zikuyamwa madzi a mbewuyo. Zimachuluka msanga chifukwa zazikazi zimabereka popanda zazimuna, ndipo ana ake nawonso amayamba kubereka pakangotha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Alimi ambiri akaona zimenezi amathamangira kumsika, komwe mankhwala ena amagulitsidwa m'timabotolo topanda malangizo. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo ali ndi masiku ake oyenera kudikira musanakolole, koma ndiwo zamasamba timathyola pafupipafupi. Munthu akapopera lero n'kuthyola mawa, poizoniyo amathera mumphika, ndipo ana ndi amene amadya.

Komatu pafupi ndi nyumba zathu pali mthuthu, umene ena amati ombwe. Makolo athu ankapha nawo nsomba m'madziwe, chifukwa masamba ake ali ndi mankhwala a gulu la rotenone amene amalepheretsa tizilombo kupuma bwino. Kakonzedwe kake n'kosavuta. Yanikani masamba pamthunzi, muwasinje, ndipo kilogalamu imodzi ya ufawo muiviike m'malita 10 a madzi usiku wonse. Thiranimo sopo pang'ono kuti mankhwala atuluke bwino komanso amatirire pamasamba. Mukasefa ndi nsalu, poperani madzulo, makamaka kunsi kwa masamba, chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake msanga.

Alimi ena amadandaula kuti anayesa mthuthu koma nsabwe sizinafe. Sanama ayi. Mu 2012 akatswiri a ku Kew ndi ku Natural Resources Institute ku Britain, pamodzi ndi anzawo a kuno, anasonyeza kuti mthuthu wa ku Malawi uli mitundu iwiri yofanana m'maonekedwe, koma umodzi ulibe mankhwala ophera tizilombo. Choncho yambani mwayesa pabedi limodzi, ndipo mbewu yodzala muzitenga kwa mnzanu amene mthuthu wake waonetsa kale mphamvu.

Nimu, amene ali mbwee ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Salima, amagwira ntchito mwa njira ina. Mankhwala ake, azadirachtin, amachuluka kwambiri m'njere kusiyana ndi m'masamba. Sapha pompopompo: mbozi imasiya kudya, imalephera kufundula, kenako imafa patapita masiku. Amene amafuna kuona tizilombo titagwa tsiku lomwelo amataya mtima msanga, pomwe mankhwalawo akugwira ntchito. Madzi a tsabola wowawa ndi adyo nawonso amathandiza kuingitsa tizilombo, ngakhale amafunika kupopera mobwerezabwereza.

Chimene ambiri timaiwala n'chakuti dimba lili ndi alonda ake. Kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamene mumakaona pa repu kamadya nsabwe zambirimbiri pa tsiku. Mavu amanyamula mbozi kukadyetsa ana awo, ndipo achule, abuluzi ndi akangaude amasaka nawo. Mankhwala amphamvu a m'botolo amapha alondawa limodzi ndi adani, ndipo nsabwe, poti zimaswana msanga, zimabwerera zisanapeze wozidya. N'chifukwa chake ena amangopoperabe koma vuto likukula.

Nyerere nazo zili ndi ntchito. Ntchemberezandonda za mtundu wachilendo zitafika mu Africa mu 2016, zinasakaza chimanga mpaka boma la Malawi linalengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi. Alimi ena anayamba kuwaza msuzi wa usipa pa chimanga kuti nyerere zibwere kudzagwira mbozizo, ena n'kumathira mchenga, dothi kapena phulusa pamtima pa chimanga pomwe mbozi imabisala. Pa dimba laling'ono la chimanga chachiwisi njirazi n'zotheka, kuphatikizapo kufinya mazira ndi kutola mbozi ndi manja m'mamawa.

Kasinthasintha wa mbewu asaiwalike. Kabichi, repu ndi mpiru ndi banja limodzi, ndipo adani awo ndi amodzi. Chimodzimodzinso matimati, mabilinganya ndi kachewere. Bedi limene munali repu lilandire anyezi kapena nyemba.

Mankhwala achilengedwe nawo amafuna kusamala. Mthuthu umapha nsomba, choncho musatsukire ndowa kapena kheni mumtsinje ngakhale pafupi ndi damu la nsomba. Posinja ndi popopera phimbani mphuno ndi pakamwa, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole, kenako mutsuke ndiwozo bwinobwino. Madzi a fodya musawayandikize ku ndiwo: chikonga chake ndi poizoni kwa munthu, chimalowa ngakhale pakhungu. Ngati tizilombo takukanikani, pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu ndi tsamba logwidwalo m'manja musanagule botolo lililonse.