Nyali za ku Bondo

Munthu amene atsika m'Phiri la Mulanje dzuwa litapendeka, natsata mtsinje wa Lichenya kufikira ku Bondo, m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka, adzaona chinthu chimene midzi yambiri ya dziko lino ikuchilakalaka monga mbawala ilakalaka madzi: nyali zoyaka m'nyumba za anthu wamba, chigayo cholira popanda dizilo, ndi chipatala kumene amayi sachiranso pa kuunika kwa kandulo. Magetsi ameneŵa sachokera ku Nkula kapena ku Tedzani ayi. Amabadwira pomwepo, pa makina aang'ono ozungulitsidwa ndi madzi a m'phiri, amene bungwe la MEGA likuyendetsa, ndipo munthu amagula mayunitsi monga momwe thumba lake lamulolera.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malawi, 11 okha ndiwo anali ndi magetsi, ndipo ochuluka a iwo anali a m'tauni; pakuti kumidzi, ngakhale ntchito ya MAREP, yofikitsa magetsi kumidzi, inayamba kale mu 1980, mawaya amafika pa malo a malonda naimira pomwepo, kusiya mudzi uli mumdima kuseri kwa munda wa tiyi. Tsono nchifukwa ninji za ku Bondo sizinafalikire, pamene mitsinje yotsika m'phirili, monga Ruo, Likhubula ndi Muloza, sisoŵa mathithi?

Ine ndiyesa kuti madzi sanalakwe. Cholakwa ndi kusakhazikika kwa mfundo za chuma. Munthu woika ndalama zake pa makina a magetsi amayembekeza kuzibweza patapita zaka zambiri, ndipo asanakumbe ngalande afuna adziŵe amene adzagule magetsiwo, mtengo wake, ndi mphamvu ya ndalama imene adzalandire. Koma taonani zimene zachitika m'zaka zoŵerengeka: mu 2017 Boma linagaŵa ESCOM, nilikhazikitsa EGENCO kuti izipanga magetsi, kenako linakhazikitsanso Power Market Limited kuti ikhale wogula mmodzi, ndipo pasanapite nthaŵi linaithetsa nkubwezera ntchitoyo ku ESCOM; nayo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Wogula zitsulo ndi madola, nalandira malipiro m'makwacha pa mtengo umene MERA yavomereza, amagona ali wolemera nadzuka ali wangongole. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndipo eni chuma, amene mwambiwu amaudziŵa ngakhale sanaumvepo, amasunga ndalama zawo m'thumba.

A m'tauni nawonso asadzitame, poti pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu January 2022, nachotsa mamegawati pafupifupi 130, a ku Chitakale ndi a ku Limbe anaphika pa mbaula monga ife tonse, ndipo matumba a makala anachuluka pa njinga zotsika m'mphepete mwa phiri, kumene mkungudza wa Mulanje unatsala pang'ono kutheratu. Mitengo ikatha, mtsinje umasefukira dzinja nuphwa chilimwe. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa miyala ndi matope m'zigwa za Mulanje, naononga makina a magetsi amene anamangidwa pa Muloza. Ndipo zitsulo zokonzera zinayenera kuitanitsidwa kunja, m'chaka chomwecho chimene madola anasoŵa m'mabanki ndipo galimoto zinagona pamizere ya mafuta.