Eni nthaka a ku Australia ndi Liu limene anakanizidwa

Pa 14 October 2023 anthu a ku Australia anaponya voti pa funso limodzi: kodi lamulo lalikulu la dziko lawo lizindikire eni nthaka, Aaborijini ndi anthu a pa zisumbu za Torres Strait, mwa kuwapatsa bungwe la Voice, kutanthauza Liu? Pafupifupi anthu 60 pa 100 alionse anakana. Taibweretsa kuno nkhaniyi cifukwa mipingo ilimo kuyambira kale, ndipo si mbali zonse zimene zili zonyaditsa.

Angelezi atafika mu 1788 anatenga dzikolo monga malo opanda mwini, ngakhale munali anthu kwa zaka masauzande ambiri. Khoti lalikulu linagwetsa ganizo limenelo mu 1992 cabe, pa mlandu wa Eddie Mabo. Kwa zaka zambiri boma linali kulanda ana a Aaborijini kwa makolo awo, ndipo ambiri anakulira m'nyumba zoyendetsedwa ndi mamishoni. Nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa mu 2008. Lamulo lalikulu la 1901 silikamba ciliconse cowazindikira mpaka lero.

Bungwe la Voice silinali loti lizipanga malamulo kapena kuletsa zimene Nyumba ya Malamulo yagwirizana. Nchito yake inali kupereka uphungu ku boma ndi kwa aphungu pa nkhani zokhudza eni nthaka. Tingaliyerekeze pang'ono ndi Nyumba ya Mafumu yathu, imene nayonso ili m'lamulo lalikulu ndipo imalangiza cabe. Pempho linacokera kwa eni nthaka okha, pa msonkhano wa ku Uluru mu 2017.

Nanga n'cifukwa ciani anaumirira kuti lilembedwe m'lamulo lalikulu? Iwo anali atalumidwapo kale. Bungwe lawo la ATSIC linayamba nchito mu 1990, ndipo mu 2005 aphungu analithetsa ndi lamulo wamba. Anthu amene safika ngakhale 4 pa 100 alionse m'dziko sangadalire mavoti awo kuti aletse zotere. Cimene boma lina lapereka m'mawa, lina lingacicotse madzulo. Apa ndi pamene tikuona kuti pempho lawo linali lanzeru, ndiponso locepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anataya.

Okana anali ndi zifukwa zosiyana, ndipo tisawaike onse m'thumba limodzi. Peter Dutton ndi cipani cake anati bungwelo lidzagawa nzika potsata mtundu, komanso kuti boma la Anthony Albanese silinafotokoze bwino mmene lidzayendera. Jacinta Nampijinpa Price, phungu wa magazi a Ciaborijini, anali kutsogolo kwa okana. Phungu wina, Lidia Thorpe, anakana pa cifukwa cosiyana kotheratu: anafuna pangano lenileni pakati pa boma ndi eni nthaka, osati uphungu umene ungaikidwe pa shelefu.

Kusintha lamulo lalikulu la Australia n'kovuta. Pamafunika kuti ovomera apambane m'dziko lonse komanso m'zigawo zinayi mwa zisanu ndi cimodzi. Pa mafunso 45 amene afunsidwa cikhalire, 8 okha ndiwo anapita. Ulendo uno zigawo zonse zinakana. Ife amene tikumbukira referendamu ya Bill of Rights ya 2016, imene inagwa ngakhale ambiri mwa ovota anavomera, tidziwa mmene mpanda wotere umatalikira.

Mpingo wa Uniting Church in Australia, wobadwa mu 1977 pamene Amethodisti, Apresibeteriani ndi a Congregational anagwirizana, unali utacita kale m'nyumba mwake zimene dziko linakana. Mu 1985 unakhazikitsa bungwe la akhristu eni nthaka, ndipo mu 2009 msonkhano wake waukulu unavomereza mau oyamba atsopano a malamulo a mpingo. Mauwo amavomera kuti Mzimu wa Mulungu anali m'dzikolo amishoni asanafike, ndiponso kuti ambiri mumpingo anathandizira nkhanza. Pa referendamu mpingowu unaima poyera ndi ovomera.

Cigawo ca South Australia cinadzipangira Voice yake mu 2023, ndipo mamembala ake oyamba anasankhidwa mu March 2024. Bungwelo lili pa lamulo wamba, longa limene ATSIC inaimapo.