Opaleshoni ya Ubongo Yopanda Mpeni Imalira Antchito Ambiri

Pali chithandizo cha matenda a mu ubongo chimene dokotala sang'amba mutu wa wodwala. Anachiganizira mu 1951 ndi Lars Leksell, dokotala wa ku Sweden, ndipo mu 1968 makina otchedwa Gamma Knife, omwe anapanga ndi katswiri wa sayansi Börje Larsson, anayamba kugwira ntchito ku Stockholm. Makina a masiku ano amawomba cheza kuchokera m'malo 192 ozungulira mutu. Cheza chochokera pamalo amodzi n'chofooka, koma pomwe chonse chakumana pamapsa, monga momwe galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka kuboola pepala. Umu ndi mmene amawotchera zotupa zing'onozing'ono ndi mitsempha ya magazi yopiringizana, ndipo odwala ambiri amapita kwawo tsiku lomwelo. Wa kuno ku Mtakataka akamva izi angati chomwe tikusowa ndi makina. Ine ndikuti tiyambe tawerenga antchito, chifukwa makina amagulidwa chaka chimodzi pomwe kusula katswiri kumatenga zaka zambiri.

Wodwala mmodzi amadutsa m'manja mwa anthu osachepera asanu. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo amamanga felemu pamutu ndi timisomali tinayi kuti mutu usasunthe. Wojambula amatenga zithunzi za MRI. Dokotala wa khansa amagamula mlingo wa cheza. Namwino amatonthoza munthu amene wamangidwa chitsulo kumutu ali maso. Ndiye pali katswiri wa fizikisi ya zachipatala, amene odwala samudziwa n'komwe: iye amawerengetsa mphindi zowotchera ndi kuyeza makina, popeza cobalt-60 wotulutsa chezacho amataya theka la mphamvu zake pa zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Akaphonya ndi milimita imodzi pafupi ndi mtsempha wa maso, munthu angachite khungu. Ku Malawi madokotala a ubongo, monga Dr Patrick Kamalo wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi owerengeka, ndipo akatswiri a fizikisiwa nawonso ndi osowa.

Komabe wantchito woyamba pa mndandandawu ali kuno kuchigwa. Njirayi imathandiza chotupa chisanapitirire masentimita atatu kapena kuyandikira pamenepo. Chikakula, mpeni sungapewedwe. Choncho zambiri zimatsamira pa mlangizi wa zaumoyo wa ku Golomoti ndi kiliniko ofesa wa pa chipatala cha mishoni cha Mua. Kuno mutu ukamawawa timayamba tayeza malungo, ndipo mpake. Luso lagona pozindikira mutu wosiyana ndi unzake: wowawa milungu yambiri n'kumasanzitsa m'mawa, khunyu loyamba munthu ali wamkulu kale, khutu limodzi logontha pang'onopang'ono. Kalata yotumiza wodwala ikalembedwa msanga, amakwera msewu wa Khwekhwelere kupita ku Dedza, kenako ku chipatala cha Kamuzu Central kukajambulidwa. Ikachedwa, banja limayamba lazungulira kwa asing'anga, chotupa chikukula.

Ena anganene kuti dziko limene likulimbana ndi malungo ndi imfa za amayi oyembekezera lisamalote zoterezi. Akunena zoona pa mbali imodzi: Gamma Knife sichiza wovulala mutu pa ngozi ya kabaza, kapena mwana wodzaza madzi m'mutu, ndipo amenewa ndi ambiri mwa odwala a madokotala athu a ubongo. Koma wojambula ndi katswiri wa fizikisi omwewo ndi amene amafunika powotcha khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi ambiri m'dziko muno. Makina wamba owotchera khansa, onga amene anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024, amathanso kuwotcha zotupa za mu ubongo akawonjezeredwa zida ndi anthu odziwa. Enanso angati tizingotumiza odwala ku India kapena ku Johannesburg. Koma wotumizidwa amayenera kupezeka ndi matendawo nthawi ikadalipo, ndipo akabwerako amafunika kumujambula mobwerezabwereza, popeza mitsempha yowotchedwa imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti itsekeke. Ntchito ziwirizo sizingachitikire kunja. Ndalama yoyamba ipite ku maphunziro a ojambula, akatswiri a fizikisi ndi makiliniko ofesa a m'zipatala ngati Mua, makina adzapeze owagwiritsa ntchito ali kale pamalo.