Unga, Repu ndi Zakumwa Zotsekemera: Mmene Mtengo Umalamulira Mbale

LUSAKA: Pa msika wa Kaunda Square, unga ukakwera mtengo anthu saleka kuugula. Amene sangakwanitse thumba la makilogalamu 25 amagula pamela, ndipo ndalama zoonjezerazo amazicotsa pa ndiwo. Kapenta amacepa, mazira amasowa, zipatso zimaiwalika.

Akatswiri a zacuma amayesa khalidwe limeneli poona mmene ogula amasinthira mtengo ukasintha. Mwacitsanzo, ngati mtengo wakwera ndi 10 peresenti koma anthu acepetsa kugula ndi 2 peresenti cabe, ndiye kuti cinthuco sangakhale popanda ico. Unga uli m'gulu limeneli. Zakumwa zotsekemera, nyama ndi zipatso zili kwina, pakuti zikadula ogula ambiri amabwerera m'mbuyo msanga.

N'cifukwa cace nkhani ya unga imaopsa boma lililonse. Mu December 1986 ku Copperbelt, ndiponso mu June 1990 mu Lusaka, kukwera kwa mtengo wa unga kunabutsa zipolowe zimene zinaphetsa anthu. Thandizo la feteleza, limene linayamba mu 2002 ndipo pambuyo pace linachedwa FISP, kwa zaka zambiri linalunjika kwenikweni pa cimanga. Unga wotsika mtengo umasiyadi kangacepe m'thumba kogulira ndiwo, koma nsima yokha sikulitsa mwana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira.

Ku mbali ya shuga, boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zosaledzeretsa kuyambira mu January 2019. Pa botolo la theka la lita, imeneyo inali 15 ngwee, ndalama imene wogula sakanaimva n'komwe. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2016 kuti msonkho wotere umagwira bwino nchito ukakweza mtengo ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Ku Mexico, kumene msonkho unayamba mu 2014, kugula kwa zakumwazi kunatsika ndi pafupifupi 6 peresenti m'caka coyamba, ndipo mabanja osauka ndiwo anacepetsa koposa.

Bungwe lomweli linatinso kutsitsa mtengo wa zipatso ndi ndiwo zamasamba ndi 10 mpaka 30 peresenti kumacititsa anthu kudya zambiri. Apa ndipo pali mfundo yobvuta. Cimanga cimasungika, ndipo cimadutsa m'manja mwa Food Reserve Agency ndi makampani ogaya, kumene boma lingaikepo dzanja. Repu, cibwabwa ndi tomato zimacoka kwa mlimi, zimafika ku msika wa Soweto m'bandakuca, ndipo amai ogulitsa amaziika m'timilu popanda lisiti. Pofika mawa lace zafota kale, ndipo wogulitsa amabweza ndalama ya zofotazo pa mtengo wa kamulu kotsatira.