Mwana Wosaona Patali Si Waulesi

Alipo mwana amene akapita kubusa sazindikira ng'ombe za atate wace ziri tsidya la dambo, koma munga wa kuphazi amauzula bwino lomwe. Ku sukulu amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, nalemba zolakwa, ndipo aphunzitsi amuyesa waulesi. Kawiri-kawiri mwana wotere sanalodzedwe ai. Diso lace latalika kopitirira muyeso.

Diso la munthu wamkulu litalika ngati mamilimita 24 kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo. Kuunika kolowamo kuyenera kukomana pa kanembanemba ka kumbuyoko, pamene cithunzi cipangika. Diso likapitirira ndi milimita imodzi yokha, kuunikako kukomana kusanafike pamenepo, tsono za patali zioneka ngati ziri m'nkhungu. Bvutoli limayamba pa msinkhu wa sukulu, nilikula kufikira zaka ngati 20, ndipo limatsata mtundu. Lisiyana ndi ng'ala, lisiyananso ndi la akulu opitirira zaka 40 amene alephera kulowetsa ulusi m'singano.

Yesani cotere: boolani pepala ndi singano, mwana atseke diso limodzi, nasuzumire pa kabowoko ndi linalo. Mtengo wa patali ukaoneka bwino koposa kale, magalasi angamthandize. Mupite naye ku cipatala, monga ku Chipata kapena ku Mwami. Kumeneko amuimika pa mamita 6 kuti awerenge zilembo za pakhoma, muyeso umene anaukonza Herman Snellen wa ku Netherlands mu 1862. Wosadziwa kuwerenga asaope. Angoloza ndi zala kumene cilembo E capenya.

Magalasi ace ndi opyapyala pakati, ocindikala m'mphepete. Ena amati amafoola maso, koma limenelo ndi bodza. Musabwereke a mnansi, musagulenso a pamsika, pakuti ambiri a iwo ngowerengera okalamba. Madzi a zitsamba musadonthezere m'diso: sangalifupikitse, koma angaliononge. Caka ndi caka mwanayo akapimidwenso.

Kukhala panja kumateteza maso. Ku Guangzhou m'dziko la China, mu 2015, anapeza kuti ana opatsidwa mphindi 40 zoonjezera za panja pa tsiku la sukulu sanagwidwe ndi bvutoli ambiri monga anzao. Pamenepa ana athu a kumudzi ali ndi mwai, malinga foni isawatsekere m'nyumba tsiku lonse.

Wobvala magalasi amphamvu akaona kung'anima m'diso, kapena mthunzi ngati nsalu yotsika, athamangire ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale kuli kupalira.